A Yotamu ndi Mvula Yosagwa Lamulungu

Mawa tikuvundukula chiliza cha alamu anga a Yotamu Banda, ndipo abusa anena kuti aliyense wolankhula apatsidwa mphindi zitatu. Mphindi zitatu! Ine Lazaro Mwale, munthu woti ndikatsokomola kuno kwa Kapelula agalu amauwa ku Mtunthama, ndinene za a Yotamu m'mphindi zitatu? N'chifukwa chake ndagula kope. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, zilembo zanga zimayenda ngati ng'ombe zosazolowera goli, koma zoona zake zili momwemu. Wopeza polakwika akonze yekha, ine asandiuze.

A Yotamu anali alongo awo a akazi anga a Nabanda, ndiye kuti eni mbumba pamudzi pano. Ine ndine mkamwini, ndakhala pano zaka zoposa makumi anayi, ndipo zaka zonsezo ine ndi iwo tinkakangana nkhani imodzi yokha: thengo lawo. Mukaima pachulu cha kuseri kwa tchalitchi n'kuyang'ana uku ndi uku, muona minda ya fodya ndi chimanga mpaka kumene maso alekezera. Pakati pake pali kachigamba kamodzi kakuda, kukula kwake ngati mabwalo a mpira atatu. Mmenemo muli mombo, mchenga, misuku, ndi miwanga iwiri yoti amuna awiri sangaikumbatire. Ndilo thengo la a Yotamu. Nkhwangwa sinalowemo chibadwire ana anga.

Munthuyo anali wamfupi, wowonda, wa mawu apansi moti pamsonkhano anthu ankandipempha ine kuti ndibwereze zimene anena. Tsaya lawo lamanzere linali lakuda kuposa lamanja. Linada ndi ntchito. Paunyamata wawo anali wowotcha fodya wa fuluu, uja woumitsa ndi moto, m'maesiteti, ndipo moto wa m'bani ankauyeza ndi tsayalo. Ankatsegula kachitseko, n'kusendezako nkhope, n'kunena kuti chotsani chikuni chimodzi. Akapitawo ankawalimbirana. Ndiye musaganize kuti ndikunena za munthu woopa nkhwangwa. Nkhuni zimene anaponya m'ng'anjo a Yotamu, mudzi wathu wonse sungazithe ngakhale utaphika mpaka tsiku la chiweruzo.

Chizolowezi chawo chinali kununkhiza dothi. Kulikonse, kaya kumaliro, kaya kuchinkhoswe, ankawerama n'kutapa kadothi, kukafikisa m'manja, n'kukaika pamphuno. Ankati nthaka imadziwika ndi mphuno, maso amanamizidwa ndi feteleza. Ankatinso munthu amene wadutsa pachulu moyo wake wonse osafunsako kuti chiswe chimatunga kuti madzi m'chilimwe, ameneyo anangobwera kudzadya. Mawu amenewo ankanena akundiyang'ana ine.

Koma funso lawo lalikulu, limene anatopetsa nalo anthu, linali la phulusa. Mukaponya ngolo yathunthu ya nkhuni m'ng'anjo, kukacha mumawola phulusa beseni limodzi. Nanga mtengo wonse uja wapita kuti? Anafunsa alangizi a zaulimi, alangizi anati wapsa. Anafunsa aphunzitsi, aphunzitsi anati wasanduka utsi. Nanga utsiwo wapita kuti, poti kumwamba kwayera? Aphunzitsi anati belu lalira. Anafunsa abusa atatu otsatizana, wachitatuyo anawapempherera.

Ine ndinkawayankha bwino. “Mtengo wapita ku okushoni, alamu! Wasanduka malata a nyumba yanga. Bwerani mudzauone mvula ikamagwa.”

“Alamu, mawu muli nawo,” ankatero iwo. “Mulungu akanakupatsaninso makutu, bwenzi muli munthu woopsa.”

Tsopano ndinene za chaka chimene anagonja. Mwana wanga Madalitso, bambo wa ana anayi, anamanga bani ya fuluu, ndipo nkhuni ankachita kuitanitsa pa lole kuchokera kutali, pamene mitengo ili pakhomo. Anaitanitsa msonkhano wa mbumba yonse. Anati, “Atsibweni, ife tidya mthunzi?” Ine ndinalankhula, ndipo anamva ndi a mudzi wina omwe. Ngakhale a Nabanda, amene sankatsutsana ndi alongo awo, tsiku limenelo anayang'ana pansi. A Yotamu anatsala okha. Tinagwirizana kuti tikakolola, nkhwangwa zilowa.

Tisanamalize kukolola, panafika njinga yamoto itanyamula mayi wina wovala nsapato zachimuna ndi chitenje pamwamba pa thalauza. Anati dzina lake ndi Tiwonge, kwawo ndi kwa Simlemba, ndipo Chichewa chake chinkakhotera ku Chitumbuka. Woyendetsa njingayo anatinong'oneza kuti awa ndi a Dokotala, osati a jakisoni, koma a sukulu. Akuti anaphunzira mpaka sukulu inatha, palibenso kalasi ina pamwamba, ndiye anapatsidwa zaka ziwiri zoti afufuze chinthu chimodzi. Ankafuna thengo lakale, losadulidwapo, loyandikana ndi minda ya fodya. Anayenda midzi yambiri osalipeza.

Asanakhale n'komwe pampando, a Yotamu anamuponyera funso la phulusa. Ine ndinaseka, ndinati nayenso amva belu. Koma mayiyo sanaseke.

“Agogo, mtengo wanu sunasowe. Uli m'mwambamu, tikuupuma pano.”

Anafotokoza kuti mtengo thupi lake sulitenga m'dothi ayi, n'chifukwa chake pansi pa muwanga sipakumbika dzenje muwangawo ukamakula. Umalitenga mumpweya. Muli mpweya wina, dzina lake kaboni, umene masamba amakoka dzuwa likawala, n'kuumanga kukhala thunthu ndi mizu. Mukauwotcha mtengowo, mwamasula mtolo, mpweya uja wabwerera kumene unachokera. Ndipo ukachuluka m'mwamba umagwira kutentha kuti kusathawe.

A Yotamu anaika dzanja patsaya lakuda lija. Kenako anati, “Ndiye kuti tatseka timazenera ta bani, ife tili mkati?”

“Eya, agogo. Ndendende.”

“Nanga inu mwadziwa kale zonsezi, mukufunanso chiyani kuno?”

Mayiyo anatapa dothi la m'thengomo, n'kulinunkhiza. Ndinaona alamu anga akuwongoka msana. Anati m'dothi muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya masamba ogwa ndi mizu yakufa, ndipo timapuma ngati ife, kutulutsa mpweya womwe uja. Mitengo ikukoka, nthaka ikutulutsa. Funso lake linali lakuti kunja kukamatenthera chonchi, mvula n'kumabwera mosokonekera, kodi nthaka iyamba kutulutsa wambiri kuposa umene mitengo ikukoka? Chifukwa zikatero kutentha kubala kutentha kunzake, ngati ng'anjo yodziponyera yokha nkhuni. “Chimenecho sindikudziwa, agogo. N'chimene ndabwerera.”

Patapita masiku atatu a Yotamu anandipeza ndikusoka thumba, n'kundifunsa chapansipansi kuti, “Alamu, ine ndatumiza nkhalango zingati kumwambaku?”

Ulendo uno a Yotamu ndiwo anaitanitsa mbumba. Sananene za kaboni, ankadziwa kuti tiseka. Anangofunsa ngati pamudzi pano tinayamba tagwetsapo mtengo pamene mlendo waika katundu wake. Tinayang'anana. Zoterozo n'zochititsa manyazi, mudzi ungatchuke. Ndiye pangano linakhala lakuti malinga ngati katundu wa mlendo ali m'thengomo, nkhwangwa idikire. Akadzachotsa, Madalitso alowe. Mawu amenewo ndinawabwereza ndine mokweza kuti aliyense amve, ndipo muwasunge, abweranso.

Katunduyo anali wodabwitsa. Mapaipi oyera afupiafupi eyiti, otakata ngati mbale, anawakhomera m'dothi, anayi chakum'mawa, anayi chakumadzulo. Paipi iliyonse inali ndi chivundikiro chotseka ndi kutsegula chokha, ngati chule woyasamula. Chikatseka, mpweya wa m'nthaka unkapita ndi kachingwe kubokosi la pakati, loyendera sola, ndipo bokosilo linkalemba lokha usana ndi usiku. Anthu ankabwera kuchokera kutali kudzaonerera zivundikirozo. A Yotamu anakokera chipika pansi pa msuku, n'kukhala mlonda wosalembedwa.

Mu Ogasiti a Dokotala anatsanzika, akuti kuli malo ena oti akaone, abwera kumapeto kwa Okutobala. Anatilangiza kuti tisasese masamba, tisatenthe, mbuzi zisalowe. A Yotamu anafunsa kuti tizilombo tija m'chilimwe timatani.

“Timagona, agogo. Nthaka ikauma manambala amatsika kwambiri.”

“Akatsikiratu?”

“Ndilemba kuti atsikiratu,” anatero akuseka, njinga n'kunyamuka.

Yankho limenelo silinawakomere alamu anga. Inu amene simunalimepo fodya mvetsani. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula, mlimi wa fodya moyo wake uli pa nazale. Kanthu kamoyo, kakang'ono, kali m'dothi louma, mlimi sachita kuganiza, manja amapita okha pa keni yothirira. Komanso panali ulemu wawo. Mlendo wachoka kutali, wasankha nthaka yako pakati pa midzi yonse, ndiye adzapeze antchito ake ali mtulo? Nanga akadzati nthaka ya a Yotamu ndi yakufa, n'kunyamula katundu wake kupita kwina? Iwo ankadziwa chimene chidzalowe katunduyo akadzatuluka.

Tsiku lina m'mamawa ndikupita kudimba ndinakumana nawo atanyamula makeni awiri, akuchoka pachitsime kulowera m'thengo, nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu.

“Alamu, nazale mwafesa m'thengo chaka chino?”

“Ndikukadzutsa antchito a mlendo.”

“Anakutumani?”

“Anandiletsa?”

Zoona, sanawaletse. Ndani angaganize zoletsa munthu kuthirira nkhalango? Ine mumtima ndinadziwa kuti apa pali cholakwika, chifukwa munthu woyeza chilimwe safuna dzinja. Koma ndinatseka pakamwa, ine amene sinditseka pakamwa. Ndikulemba zimenezi kuti Mulungu aone kuti sindinabise.

Kumapeto kwa Okutobala, kukutentha koti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, a Dokotala anabwera. Analumikiza kompyuta yawo kubokosi, ife titazungulira. Nkhope inayamba kusintha.

“Kodi kuno kwagwako mvula?”

“Ngakhale dontho,” anatero a Nabanda.

“Makinawa akuti imagwa. M'mawa uliwonse, kuyambira Ogasiti. Koma pa mapaipi anayi a kum'mawa okha.” Anayang'anitsitsanso. “Ndipo Lamulungu siigwa. Mvula yanji yodziwa Lamulungu? Basi bokosili lawonongeka, ndiyenera kulizula.”

A Yotamu anali pachipika chawo, chipewa chili m'maso. Anali mkulu wa mpingo, Lamulungu sankagwira ngakhale mpeni. Apa m'pamene ine ndinatsegula pakamwa panga paja.

“Bokosi lili bwinobwino, a Dokotala! Mvula yanuyo ndi iyo yakhala apoyo, yavala chipewa!”

Anthu anaseka, koma mayiyo sanaseke. Anayenda n'kukagwada pa paipi imodzi, n'kupisa chala pansi pa masamba. Chala chinatuluka chonyowa. Chichewa chinamuthawa.

“Mwachita vichi, adada?”

Kenako anabwerera ku Chichewa. Anati chilimwe chimabwera kamodzi pa chaka, sichigulidwa pagolosale, ndipo iye anapatsidwa ziwiri zokha. Chimodzi chapita m'madzi. Amene anamutuma akawauza chiyani, kuti nkhalango yake imathiriridwa ndi keni? Anati Loweruka abwera ndi galimoto kudzatenga katundu, akayambirenso kwina kumene kulibe anthu achifundo. Ndinayang'ana Madalitso, Madalitso anayang'ana muwanga waukulu uja, ndipo ndinadziwa kuti akuwerenga mabani.

Munthu wina akanapepesa. Wina akanakana. A Yotamu anakankha chipewa, n'kufunsa ndi timawu tawo tija:

“Koma anadzuka?”

“Ndani?”

“Antchito anu. Nditawathira madzi, anadzuka?”

Mayiyo anawayang'ana ngati akufuna kuwaponyera kompyuta. Kenako anati, “Anadzuka. Anadzuka moopsa.”

“Tandionetsani.”

Sindidziwa chifukwa chake anavomera. Kapena anatopa. Anakhala pansi pafupi ndi chipika, n'kuwaonetsa mizere iwiri. Wa kumadzulo unagona pansi ngati njoka yakufa. Wa kum'mawa unali ngati mano a sowo, kukwera, kutsika, kukwera. A Yotamu sankadziwa kuwerenga ngakhale dzina lawo, koma anayendetsa chala pagalasipo, n'kuima pamene mzere unagwa kwambiri.

“Apa ndi maliro a kuchikazi kwa Madalitso. Ndinachoka masiku atatu.”

A Dokotala anawerenga masiku. Anali atatu.

“Apa pafupika, keni ina inabooka, ndinathira theka mpaka Lachisanu pamene anaiwotcherera. Apa poyambirira patalika kwambiri, ndi tsiku loyamba, nthaka inanunkha ngati mvula ya chizimalupsa.”

Mayiyo anatulutsa kope m'chikwama. Mumathira madzi ochuluka bwanji? Keni imodzi paipi imodzi, yodzaza mpaka pakhosi, ndi kamutu kake kamabowo, monga pa nazale. Nthawi yanji? Dzuwa lisanatuluke, tsiku lililonse chimodzimodzi, fodya safuna munthu wosinthasintha. Madzi a kuti? Chitsime chimodzi chomwecho. Nanga a kumadzulo munawasiyiranji?

“Mawondo, mwanangu. Ndinkati ndikapeza mphamvu ndidzawafikira.”

“Ambuye adalitse mawondo anuwo,” anatero a Dokotala, ndipo anayamba kuseka, misozi ili m'masaya. “Agogo, mwandiwonongera kafukufuku mmodzi, mwandipangira wina. Anayi othirira, anayi osathirira, muyeso umodzi, nthawi imodzi. Ndikanapempha zimenezi kuofesi akanandiuza kuti palibe munthu angazikwanitse.”

Anatifotokozera kuti masiku ano mvula imanama. Imagwa kamodzi pa nthaka yotentha, n'kusowa masabata atatu, n'kugwanso. Ife alimi timalira mbewu zopserera, koma iye ankafuna kudziwa chimene nthaka imachita ikadzutsidwa n'kugonekedwa, kudzutsidwa n'kugonekedwa. A Yotamu, ndi Lamulungu lawo ndi maliro awo, anapanga mvula yonama yomweyo osadziwa. Ndinafunsa mokweza ngati ndiye kuti yankho lapezeka. Anati ayi, chilimwe chimodzi si yankho, pafunika chinanso, ndiponso malo ena. Anthu ophunzira ndi otero, ukawafunsa ngati kwacha amati tidikire tione.

Loweruka galimoto sinabwere. Madalitso anaitanitsa lole ya nkhuni, ndipo sabata yonse sanapereke moni kwa atsibweni ake. Ine alamu anga sanandikalipire. Anangoti, “Alamu, pakamwa panu pandithandiza koyamba chikwatire mlongo wanga.”

Chilimwe chachiwiri anathirira mochita kutumidwa, ndi keni yolembedwa mzere wofiira, masiku ena kuthira, masiku ena kudumpha, monga mmene a Dokotala anakonzera. Ankayenda ngati kapitawo. Aliyense wodutsa ankamuimitsa n'kumufunsa ngati akudziwa kumene mtengo umatenga thupi lake. Ana a sukulu ankazungulira njira. Koma funso latsopano linali litawagwira kale: ngati mitengo imakoka mpweya uja, thengo lawo lingabweze ngolo zingati mwa zimene anawotcha? A Dokotala anawauza zoona, kuti ndi zochepa. Iwo anati zochepa si zopanda.

A Yotamu anamwalira mu Febuluwale chaka chathachi, mabani akufuka utsi mbali zonse. Sanadwale nthawi yaitali. Anasiya mawu amodzi okha kwa a Nabanda, akuti nkhuni zophikira pamaliro awo zisachoke m'thengo, anthu atole zitsononkho. Tinatola.

Mu Meyi a Dokotala anabwera ndi galimoto ija tsopano, zaka zawo ziwiri zitatha. Anapita kumanda kaye, kenako anamasula bokosi, sola ndi zivundikiro. Mapaipi anati awasiya m'dothi, chifukwa akawazula nthaka isokonekera, ndipo akufuna azidzabwera ndi kamakina kam'manja akapeza mpata. Sanalonjeze kuti ndi liti.

Fumbi la galimoto lisanathe, Madalitso anaitanitsa mbumba. Anati atsibweni apita, mlendo wapita, pangano latha. Anayang'ana kwa ine kuti ndimuthandize monga kale.

Musandifunse chimene chinandilowa. Ndingonena kuti mwezi wa Malichi ndinkathandiza mwanayo kuwola phulusa pabani yake, ndipo ndinapezeka nditaima ndi beseni m'manja, ndikuyang'ana kumwamba ngati chitsiru. Matenda a alamu anga ndi opatsirana.

Ndinaimirira. Ndinati ine ndine mkamwini, pa nthaka ya eni ake ndilibe mawu, koma pangano lija ndinalilengeza ndine, ndipo pakamwa panga sipanama. Tinati chiyani? Tinati katundu wa mlendo akadzachoka. Tiyeni tonse tikaone ngati wachoka. Ndinawatsogolera mpaka m'thengo, n'kuwerenga mokweza, wani mpaka eyiti.

“Bambo, timapaipi timeneti ndi katundu?” anatero Madalitso.

“Ndi tako?”

“Ayi.”

“Ndi tanga? Ndi ta amako? Ndiye ndi ta mlendo!”

A Nabanda, amene tsopano ndiwo aakulu pambumba, anati nkhani yatha, aliyense azipita kwawo. Mwana wanga mpaka lero amandipatsa moni wa m'mphuno, ndipo sindimuda, nkhuni za pa lole zimapweteka. Sindikudziwa kuti mapaipi eyiti angagwire nkhalango zaka zingati. Ndikudziwa kuti chaka chino agwira.

Dzulo ndinapitako. Mombo watulutsa masamba ake ofiira aja, amene amabwera mvula isanagwe, ndipo a Yotamu ankafunsa chaka chilichonse kuti mtengo umadziwa bwanji. Chipika chili pomwe paja pansi pa msuku, pakati pake posalala ndi thalauza lawo, koma chiswe chayamba kuchimata dothi m'mbali. Kanjira kochokera kuchitsime kakutsekeka. Mapaipi ali yasa kuyang'ana kumwamba, opanda zivundikiro, masamba ouma adzazamo, ndipo sindinawachotse, tinaletsedwa kusesa. Keni ya mzere wofiira ili pa nthambi pamene anaikoleka tsiku lomaliza. Mavu amangamo.

Ndinawerama, mawondo akulira, n'kutapa kadothi pafupi ndi paipi ya kum'mawa. Ndinanunkhiza. Sindinamve kanthu, fumbi lokhalokha. Antchito a mlendo ali mtulo, ndipo palibe wowadzutsa mpaka mvula yeniyeni.